Pantelie ndi Madzi a Lixandra

"Chotsani ndowa zanuzo pakhomo panga, alamu. Madzi otungidwa ndi munthu wosapemphera ndi otsukira mapazi basi. Mng'ono wanga sangamwe zimenezo, ndipo musamuchititse manyazi kumene aliko."

Amene ankalankhula chomwechi anali Gherghina, atatsamira ndodo pakhomo pake, patangopita masiku ochepa chiikireni mng'ono wake Lixandra m'manda. Amene ankakalipiridwayo anali Pantelie, mwamuna wa malemuyo, nkhalamba ya imvi mbuu, goli lili paphewa, ndowa ziwiri zikudontha uku ndi uku. Sanatule n'komwe. Anangoyankha kuti ngati pali mtsikana woti atunge m'malo mwake, amuitane atulukire, iye amupatsa golilo pompo ndipo amuwonjezera ndi nsapato. Gherghina anamenyetsa chitseko, chifukwa mtsikana woti n'kumuitana kunalibe, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Kwathu kuno ku Zavaleni, kumchenga kwa kumwera kwa Romania, munthu akamwalira amamva ludzu. Ndi mmene tinazipezera. Kwa masiku makumi anayi wina amayenera kutunga madzi pachitsime n'kukathira mumtsuko wa khomo la eni, akunena kuti madziwa ndi a uje. Wolandirayo amayankha kuti "bogdaproste", mawu aja timanena tikalandira chilichonse choperekedwa m'dzina la akufa, ndipo mawuwo ndi amene amawolotsa madziwo. Popanda woyankha, wangonyowetsa mtsuko. Tsiku lomaliza anthu amatsikira kumtsinje wa Jiu, wansembe amapemphera, wotungayo amalumbira kuti sanadumphe tsiku, kenako amayandamitsa kathabwa kokhala ndi makandulo oyaka. Kakapita ndi madzi ndiye kuti wakufayo wamwa, wapumula. Ntchitoyi ndi ya mtsikana wosakwatiwa. Koma atsikana athu onse ali ku Italy akusambitsa nkhalamba za eni, ena ali ku Spain akuthyola zipatso za sitiroberi, ndipo m'mudzi munatsala ife, agalu ndi maloko.

Tsono anthu amene amanena kuti Pantelie anali munthu woipa ndi abodza, ndipo ambiri mwa iwo anadyapo mavwende othiriridwa ndi manja ake. Kuti sankakhulupirira Mulungu, zimenezo n'zoona, ndipo sankabisa. Anali mwana nthawi ya njala ija inabwera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mng'ono wake anafera m'manja mwa mayi awo, mimba itatupa. Mayiwo anatenga tirigu wotsiriza m'nyumba, amene akanatha kudya ana otsalawo, n'kumuphika ndi uchi wopempha kuti apereke kutchalitchi m'dzina la mwana wakufayo. Pantelie anaima pampanda akuona mbale ya tiriguyo ikuyenda m'manja mwa anthu akuluakulu mpaka kutha. Sanatukwane, sanalire. Kungoti kuyambira tsiku limenelo mwendo wake sunapondenso m'tchalitchi.

Atakula analowa chipani cholamula cha chikomyunizimu, chimene sichinkafuna za Mulungu, naphunzira umakaniko, ndipo anamuika pa mapampu a famu ya boma. Anali iyeyo amene ankakoka madzi kumtsinje kuwakankhira m'mapaipi mpaka mchenga wathuwu, umene kale unkangouluka n'kulowa m'maso, unabala mavwende, mphesa ndi mbatata. Ankanena kuti mvula yake iye amaiyatsa ndi batani ndipo safunika kugwada. Boma lija litagwa, mbava zinafukula mapaipi onse n'kukagulitsa ngati zitsulo zakutha. Anzake a chipani ambiri anasanduka tsiku limodzi, kuyamba kudzilemba mtanda pachifuwa pamsewu ngati akuthamangitsa ntchentche. Pantelie yekha anatsala mmene analili. Ankati sangavule maganizo ngati malaya chifukwa choti nyengo yasintha.

Ndiye munthu ameneyu anakwatira Lixandra, mkazi amene sankayamba kudula buledi asanamulembe mtanda ndi mpeni. Mudzi wonse unati banjali silifika Khirisimasi. Anakhala limodzi mpaka kukalamba. Masiku a chipani Lixandra ankabisa chithunzi cha Mayi Maria kuseri kwa kabati, ndipo Pantelie, pokonza kabatiyo, anaisendeza pang'ono kuti dzanja la mkazi wake lizilowa bwino. Mwana wawo Costel atabadwa, mkaziyo anati akupita naye kwa azakhali kukapuma, nabwera naye akununkha mafuta a ubatizo. Pantelie anamununkhiza mwanayo pamutu n'kunena kuti azakhaliwo ali ndi sopo wabwino. Lamulungu lililonse ankamuperekeza mkazi wake mpaka pachipata cha tchalitchi, n'kutsala kunja akusuta fodya. Akatuluka ankamufunsa kuti, "Bwanji, abwana anu ati chiyani lero?" Lixandra ankayankha kuti afunsa za inu, akuti sakufulumira.

Matenda amene anamutenga Lixandra anamugwira pakhosi. Chakumapeto sankatha kumeza ngakhale dontho. Pantelie ankaviika kansalu m'kapu n'kumamunyowetsa milomo. Costel anali ku Spain, mapepala ake asanalongosoke, moti akanabwera kuno sakanatha kubwereranso kumeneko. Masana ena mkaziyo anamugwira mkono mwamuna wake n'kufunsa kuti adzamutungira ndani. Pantelie anati apeza munthu.

"Munthu wake uti?" ananong'ona Lixandra. "Inu munathirira mchenga wonsewu chifukwa cha chipani. Mungalephere kuthirira mkazi mmodzi?"

Pantelie anavomera. Nkhani yonse yagona pamenepo. Anavomera, ndipo munthu ameneyu chibadwire sanabwezepo mawu.

Gherghina sanalekere pa kutseka chitseko chake chokha. Anayenda ndi ndodo yake, chiuno chikumuwawa, khomo ndi khomo mwa makomo ochepa amene munali anthu, kuwauza kuti wolandira madzi kwa mkunja ameneyu agawana naye tchimo. Azimayi oyatsa makandulo kutchalitchi anamvera. Ankamuona Pantelie akubwera ndi goli n'kulowa m'nyumba ngati aona wokhometsa msonkho. Amanyazi ndi iwowo, chifukwa pampu ikawonongeka pakhomo pawo ankadziwa bwinobwino njira ya kwa mkunjayo. Amene anatsala akulandira anali mmodzi yekha, Stoian wogontha, amene miseche sinkamufika. Iye ankatsegula mtsuko n'kukuwa "bogdaproste" mwamphamvu mpaka nkhuku kubalalika. Koma pakati pa masikuwo mwana wake wamkazi anabwera ndi galimoto n'kumutenga kupita naye kutauni, pakhomo n'kukolowekapo loko.

M'mawa mwake Pantelie anafika ndi ndowa zake, naima akuyang'ana lokoyo. Kenako anathira madziwo pakhonde pomwepo n'kunena kuti, "Madzi a Lixandra." Palibe anayankha. Mchenga unamwa zonse asanatembenuke n'komwe. Tsiku lotsatira anakathira pakhomo lina lokiya, kenako lina. Makomo otere ndiye sasowa kuno. Chaka chimenecho kunali chilala, dzuwa lochita kung'amba nthaka, ndipo masana m'misewu simunkayenda ngakhale galu. Munkangomveka kulira kwa goli, ndi mawu a nkhalamba ikuuza zitseko zokiya dzina la mkazi wake.

Ndi masiku amenewo pamene zinthu zinayamba kumuchitikira. Ankadzaza ndowa mpaka pakamwa, koma pofika pakhomo ankapeza madzi atatsika. Anati ndowa zabooka. Anaziyang'ana padzuwa, anazimata ndi mtovu, anazidzaza n'kuzisiya pakhonde, ndipo sizinadonthe. Atasenzanso, madzi anatsikanso. Anati ndi kugwedezeka kwa mapewa a ukalamba, ngakhale kuti kumbuyo kwake mchenga unali wouma. Masana akagona pabenchi pansi pa mpesa ankamva tcheni cha pachitsime chikuyenda, ngati wina akutsitsa ndowa pang'onopang'ono kuti asadzutse munthu. Anati ndi mphepo, pamene tsamba silinkagwedera. Kenako anayamba kumuona. Lixandra ankakhala kumapeto kwa benchi, mpango wakuda kumutu, manja pamiyendo, milomo itang'ambika ngati dothi la padambo louma. Sankalankhula, sankamudzudzula. Ankangoyang'ana ndowa. Pantelie ankadzidzimuka thukuta lili kamukamu n'kudziuza mokweza kuti ndi kutentha kumeneku, ubongo wa munthu wokalamba umachita zimenezi. Akatero ankanyamuka kukatunganso ulendo wina umene mwambo sunamufunse.

Tsiku lina akuthira pakhomo la anthu amene anapita ku Italy kalekale, anamva ndodo ikugogoda kumbuyo kwake. Anali Gherghina, wefuwefu, atamutsatira msewu wonse.

"Mwapenga tsopano, a chipani? Mukumwetsa maloko?"

"Maloko ali ndi ulemu, alamu. Sanandithamangitsepo."

Mayiyo anakhala pamwala wa pachipata chifukwa chiuno chinali chitakana. Anamufunsa kuti akuzunzikiranji, munthu woti amanena yekha kuti kuseri kwa manda kulibe kanthu. Kapena watembenuka mtima koma akuchita manyazi kunena? Pantelie anati ayi, asamunamizire. Lixandra ali mumchenga, samva ludzu, samva kanthu, ndipo iye adzakhala chimodzimodzi. Koma Lixandra ankakhulupirira, anapempha, iye anavomera, ndipo sakuona kuti lonjezo limafa chifukwa choti wolonjezedwayo wafa.

Gherghina anakanda mchenga ndi ndodo. Kenako anafunsa, osamuyang'ana, kuti, "Mng'ono wangayo amabwera kwa inu?"

Pantelie anafuna kunama, koma bodza linali lisanamuzolowere. Anati amabwera, masana, ndipo ndi kutentha kumene kumachititsa.

"Kwa ine sabwera," anatero Gherghina. "Ndayatsa makandulo mpaka zala kupsa. Ndasala kudya. Ndimagwada ndi chiuno chimenechi mpaka kulephera kudzuka. Ngakhale kumulota, ayi. Ndikamapemphera zikukhala ngati ndikulankhula mumgolo wopanda kanthu. Tinagona mphasa imodzi ndi mwana ameneyu, ndinamubereka kumsana, koma akupita kwa inu, munthu wosadziwa ndi Atate Athu yemwe."

Apa ndiye panali poti Pantelie aseke. Moyo wake wonse ankakangana ndi mlamu wakeyu, pa ukwati, pa maliro, pa tebulo la Pasaka, ndipo lero mayiyo anali atamupatsa yekha mpeni. Munthu wina akanati mwaonatu, ndinkanena. Iye anatula goli, nakhala pansi pafupi naye, chifukwa mgolo wopanda kanthuwo ankaudziwa bwino, anakhalamo kuyambira ali mwana, ndipo sanafune kuti munthu alowemo atakalamba chonchi.

"Kwa inu abwere kudzatani?" anatero. "Zanu zonse mwachita, zafika. Amabwera kwa amene akuchedwa ndi madzi. Simukumudziwa mng'ono wanu? Ankayenda kukacheza kapena kukalondola ntchito?"

Gherghina anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, n'kunena kuti zoonadi, mwana ameneyu anali kapitawo. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Kenako analoza ndowa yachiwiri imene inali isanathiridwe n'kumuuza kuti athire, asamangoyang'ana ngati ng'ombe. Pantelie anathira pakhonde la eni, nanena dzina la mkazi wake, ndipo mayiyo anadzilemba mtanda n'kuyankha kuti, "Bogdaproste."

Kuyambira pamenepo ankayenda awiri. Wina goli, wina ndodo, akukangana njira yonse. Gherghina ankati akutaya madzi ngati mwana, Pantelie ankati akanakhala kuti mapemphero amachiritsa chiuno bwenzi atafika kale. Azimayi ena aja atamufunsa Gherghina kuti nanga tchimo lija, anawauza kuti amene ali ndi mapewa abwere asenze, amene alibe atseke pakamwa. Iye sanasiye kunena kuti mlamu wake akapsa kumoto, Pantelie sanasiye kunena kuti moto wake kulibe. Koma mayiyo anasiya kumufunsa kuti atembenuke, ndipo nkhalambayo inayamba kudikira, osanyamula goli, mpaka mayiyo amalize kapemphero kake pakhomo lililonse. Lixandra ankabwerabe masana. Onse awiri anati n'chifukwa choti masiku sanakwane, zidzatha kumtsinje.

Tsiku lomaliza linafika. Wansembe wathu ndi Bambo Visarion, munthu wachinyamata, wophunzira, amene amatumikira midzi ingapo pa kagalimoto kokalamba. Kumanda anapemphera bwino ndithu, palibe angamunene. Analawa tirigu wophika, anadalitsa anthu, kenako anavula nsalu ya m'khosi n'kulunjika kugalimoto. Gherghina anamutsatira akutsimphina n'kumukumbutsa za kumtsinje. Wansembeyo anayang'ana wotchi. Anati kumudzi wina kuli maliro akumudikira, mtembo sungakhalitse ndi kutentha kumeneku, ndipo zimenezo zinali zoona. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma anawonjezera kuti za kumtsinjezi m'mabuku a mpingo mulibe, ndi miyambo ya agogo chabe, wansembe wakale ankapitako pongofuna kusangalatsa anthu. Mulungu safuna ndowa.

Pantelie anakaima kutsogolo kwa galimoto. Wansembeyo anatulutsa mutu pawindo, akumwetulira ngati wapeza mnzake.

"A Pantelie, pa nkhani iyi inu ndi ine tikugwirizana. Akufa samwa madzi a pachitsime. Ndani angamvetse kuposa inu?"

Mawuwo anamufika Gherghina. Pantelie anaona nkhope ya mlamu wake ikugwa, pakamwa patatseguka pang'ono, dzanja likufunafuna mpanda.

"Ine ndikanena zimenezo, ndi zanga, ndinazilipira ndekha," anatero Pantelie. "Sindinavalepo mkanjo, sindinalandirepo kandulo ya mayi awa. Inu mwadya tirigu wa mkazi wanga pompano. Masiku onsewa mumationa tikuyenda ndi ndowa, bwanji osaima n'kutiuza?"

Wansembeyo anati adzakambirana Lamulungu, anabweza galimoto m'mbuyo, nadzera njira ina.

Anthu anabalalika. Kumtsinje anatsikira awiri okha. Jiu anali ataphwa, kutangotsala kamzere ka madzi pakati pa mchenga woyera. Gherghina anamata makandulo pakathabwa. Anamufunsa mlamu wake monga mwa mwambo ngati anatunga madzi a Lixandra osadumpha tsiku, ndipo Pantelie anati anatunga. Anamuuza kuti alumbire pa Mulungu. Iye anati alumbira pa Lixandra, ndipo mayiyo anagwedeza mutu kuvomera. Pemphero la pamadzi panalibe wolidziwa. Gherghina anayesa Atate Athu, koma mawu anamuthera pakati.

Anayatsa makandulo n'kuika kathabwako pamadzi. Kanayenda pang'ono, kanazungulira, n'kukakhazikika pamchenga patsogolo pawo pomwepo. Pantelie anapinda thalauza nalowa m'madzi kuti akakankhe. Gherghina anamuletsa, anati sikakhudzidwa, kayenera kupita kokha, apo ayi ndiye kuti sikanalandiridwe. Munthu amene anakankha mtsinje wonse kukwera nawo kumunda anaima m'madzi olekeza m'akakolo, dzanja lili m'malere pamwamba pa kathabwa kamene mwana akanatha kukasuntha ndi chala. Sanakakhudze. Anaima pomwepo mpaka makandulo anasungunuka padzuwa n'kuzima, limodzi limodzi.

Pobwerera Gherghina anafunsa kamodzi kokha kuti, "Alamu, wamwa?" Pantelie, amene moyo wake wonse anali ndi yankho pa funso lililonse la mtundu umenewu, anati sakudziwa.

Lixandra akubwerabe. Masana alionse amakhala kumapeto kwa benchi akuyang'ana ndowa. Pantelie akutungabe, ngakhale masiku anakwana kalekale, ndipo phewa lake latuluka chilonda chimene sichikupola. Gherghina, mayi amene sanajombepo kutchalitchi ngakhale masiku a chipani pamene kulowamo kunali kudziika pamoto, chichokereni kumtsinje kuja sanalowemonso. Lamulungu amabwera ndi kampando n'kukhala panja pachipata, pafupi ndi mlamu wake, ndipo ndowa ziwiri zodzaza zimakhala pakati pawo. Wansembeyo akamaliza amatulukira khomo la kumbuyo kumene amaimika galimoto. Zokambirana anazilonjeza zija mpaka lero.

Ena akuti nkhalambazi zikuchititsa manyazi mudzi. Manyazi ake ati? Wina anachotsa thabwa limene gogo wa chiuno chowawa anaimapo moyo wake wonse, anachotsa akumwetulira, injini ikulira, n'kupita. Ngati mwambowo ndi wachabe, abwere anene pamaso pa anthu, afotokoze chimene mayiyu agwire m'malo mwake. Ngati si wachabe, avale nsalu yake atsikire kumtsinje, si patali.

Lamulungu lapitali Pantelie sanadikire pachipata. Anasenza goli, anazungulira mpanda, nakatula ndowa zake kutsogolo kwa khomo la kumbuyo lija, Gherghina akugogoda ndodo pambuyo pake. Nyimbo zitatha m'katimo, anamenya chitseko ndi chikhatho.

"Abambo, tulukirani kuno. Ine musandiyankhe, ndilibe nanu funso. Koma mayi awa akhala akupereka makandulo m'tchalitchimu kuyambira musanabadwe, ndipo akufuna kudziwa ngati mng'ono wawo wamwa. Munayamba ndinu nkhaniyi. Tulukani muwayankhe."